Ndabereka atsikana okhaokha ndipo apongozi akufuna mnyamata: ndiyesenso?

Funso

Ndine mayi wa zaka 34. Kwathu ndi ku Dedza koma ndimakhala ku Lilongwe ndi amuna anga, omwe kwawo ndi ku Mzimba. Tili ndi ana anayi, onse aakazi. Awiri omalizawa ndinabereka pa opaleshoni, ndipo wamng'onoyu ali ndi miyezi 14. Potuluka m'chipatala adokotala anandiuza kuti ndiganize zotseka, koma amuna anga anakana. Apongozi anga akuti ndikupha mudzi, ndipo ndikapanda kubereka mwamuna, mwana wawo akatenge mkazi wina. Alamu anga andibweretsera mankhwala achikuda omwe akuti amatembenuza chiberekero. Pa wailesi amati anthu tachuluka, tibereke ochepa, pomwe kunyumba akuti bereka. Kodi vuto lili mwa ine? Ilipo njira yoti ndibereke mwamuna? Ndiyesenso kamodzi?

Mayi wa ana anayi, Lilongwe

Yankho

Mayi, pepani ndi mawu olasa omwe mukumvawo. Mulibe vuto lililonse. Chiberekero chomwe chanyamula ana anayi mpaka kubadwa amoyo n'chabwinobwino, ndipo palibe chomwe munadya, munaphonya kapena munalakwira makolo kuti anawo abadwe aakazi. Ndagwira ntchito yauzamba ndi yakulera kwa zaka zambiri, ndipo amayi obwera ndi funso lanuli ndi ochuluka kuposa momwe mungaganizire. Ambiri amalifunsa monong'ona, chitseko chikatsekedwa.

Mwana amayamba dzira la mayi likakumana ndi mbewu ya bambo. Dzira lililonse la mayi limanyamula chizindikiro cha mtundu umodzi chokha, chomwe achipatala amachitcha X. Mbewu za bambo zili pawiri: zina zimanyamula X, zina Y. Ikalowa m'dzira mbewu ya X, mwana amakhala wamkazi. Ikalowa ya Y, amakhala wamwamuna. Akuluakulu akumudzi amaimva bwino nkhaniyi ndikawafunsa kuti munda womwe mwabzalamo mtedza ungakupatseni chimanga? Komabe musatenge mawuwa kukabayira amuna anu. Nawonso sasankha. Pa nthawi imodzi bambo amatulutsa mbewu mamiliyoni ambirimbiri, pafupifupi theka za X, theka za Y, ndipo palibe mwamuna yemwe angauze mbewu yake kuti iwe tsogola.

Padziko lonse, pa atsikana 100 aliwonse obadwa pamabadwa anyamata pafupifupi 105. Ndiye kuti mimba iliyonse ili pakatikati. Mukatenga mabanja 16 a ana anayi anayi, mudzapeza kuti limodzi mwa iwo, kapena kuyandikira pamenepo, lili ndi atsikana okhaokha, ndipo lina limodzi lili ndi anyamata okhaokha. Banja lanu ndi limodzi mwa amenewo basi. Chomwe anthu amalakwitsa kwambiri n'kuganiza kuti pakabadwa atsikana anayi ndiye kuti wachisanu ndi mnyamata ndithu, ngati kuti mimba imasunga ngongole. Ayi. Mimba yachisanu idzakhala pakatikati pomwepo ngati yoyamba ija. Ndathandizapo amayi kubereka mwana wamkazi wachisanu ndi chiwiri, ndipo aliyense wa iwo ankati uyu ndiye womaliza kuyesa.

Mankhwala a alamu anuwo musamwe. Palibe muzu, khungwa, chakudya, kagonedwe kapena tsiku la pamwezi lomwe latsimikizika kuti limasankha mwana. Zowerengera masiku zomwe zimayenda pa WhatsApp nazonso ofufuza anaziyesa ndipo sizinaoneke kuti zimathandiza. Amene amagulitsa zinthuzi amapambana theka la nthawi popanda kuchita kanthu, ndipo mbiri yawo imayenda ndi theka limenelo. Mayi amene wabereka mtsikana amauzidwa kuti anaphonya mwambo wa mankhwala. Sikani nayo imangoona chomwe chilipo kale, siisintha. Njira yokhayo yomwe imasankhadi ndi yokumanitsira dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, kuyeza, kenaka n'kubwezera m'chiberekero. Imadya ndalama zankhaninkhani, ndipo maiko ambiri saloleza kuigwiritsa ntchito posankha mwamuna kapena mkazi pokhapokha pali matenda akumtundu. Chondidetsa nkhawa pa mankhwala achikuda n'chakuti amene wabweretsa otembenuza chiberekero lero ndi yemweyo adzabweretse mwanamphepo mwezi wobereka ukakwana. Mwanamphepo amachititsa chiberekero kukoka mwamphamvu mopanda muyeso, ndipo kwa mayi wa chipsera cha opaleshoni zimenezo zikhoza kung'amba chiberekero.

Chipseracho ndiye nkhani yaikulu m'kalata yanu, ngakhale mwangoitchula podutsa. Anthu akunja amaona kamzere kapamimba kaja, kowuma bwino, n'kumati munachira kalekale. Ife timaona zamkati. Mayi wa opaleshoni yachitatu akatsegulidwa, nthawi zina khoma la chiberekero pomwe panasokedwa limakhala litapyapyala moti tsitsi la mwana limaonekera adokotala asanacheke n'komwe. Nthawi zina chikhodzodzo chimakhala chitamatirira kuchiberekero, ndipo ntchito yomwe ikanatha msanga imasanduka yochotsa pang'onopang'ono kuopa kuboola. Choopsa kuposa zonse ndi nsengwa. Opaleshoni zikamachuluka, mpata umakula woti nsengwa ikhale m'munsi kutseka njira, kapena imere n'kulowerera m'chipseramo. Ikatero siichoka yokha mwana akabadwa, ndipo mayi amataya magazi ambiri m'kanthawi kochepa. Kuti apulumuke pamafunika magazi oonjezera, omwe m'zipatala zathu sapezeka nthawi zonse, ndipo kawirikawiri chiberekero chimachotsedwa.

Sindikunena kuti opaleshoni yachitatu ndi imfa. Amayi ambiri amadutsamo bwino, makamaka ngati yakonzedwa pa nthawi yake m'chipatala chachikulu. Koma chiopsezo chimakwera ndi opaleshoni iliyonse, ndipo inu mukuyandikira zaka 35, msinkhu womwe kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa pamimba zimayamba kuchuluka, komanso iyi ikhala mimba yachisanu, pomwe kuchepa magazi ndi kutaya magazi pobereka kumaonekaoneka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Kutaya magazi kuli m'gulu la zifukwa zotsogola. Choncho mukamayeza, ikani mbali imodzi mwayi wa theka wobereka mnyamata, mbali inayo atsikana anayi omwe akufuna mayi wawo wamoyo.

China chosafuna kukambirana n'chakuti pakali pano nthawi sinakwane. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira miyezi 24 kuchokera pomwe mwana wabadwa musanatenge mimba ina, ndipo kwa mayi wa chipsera langizo limeneli n'lolemera kwambiri. Wanu ali ndi miyezi 14. Ngakhale mutagwirizana zoyesanso, kutumbiza pa chipsera chachiwiri sindingakulolezeni.

Tsopano za apongozi anu. Ine sindiwatenga ngati munthu wankhanza chabe, ngakhale mawu awo ndi opweteka. Inu munakulira ku Dedza, kwa Achewa, komwe mudzi umayenda ndi ana aakazi. Kumeneko mayi wa atsikana anayi amamuyamikira kuti wamanga mudzi, mbumba yakula, ndipo amalume amayenda monyadira. Amuna anu anakulira ku Mzimba, komwe amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo malo, ng'ombe ndi dzina zimadutsira mwa ana aamuna. Apongozi anu akamayang'ana adzukulu awo anayiwo akuona anthu omwe adzalowoledwa n'kupita kukamanga midzi ya eni, nyumba ya mwana wawo n'kusanduka bwinja. Mantha awo ndi amenewo. Ndipo dziwani kuti mantha omwewa ndawaona atatembenuka: m'madera a chikamwini ndakumana ndi amayi a anyamata asanu akukana kulera, ati kufikira atapeza mtsikana wodzawatungira madzi ndi kusunga munda. Thupi la mayi ndi limodzimodzi ku Dedza ndi ku Mzimba. Chosiyana ndi yemwe mwambo unamupatsa malo ndi udindo wosamala okalamba.

Ngati mantha ali pa chuma, lamulo linayankha kale mbali yaikulu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, ndipo silisiyanitsa mwana wamkazi ndi wamwamuna. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Nyumba ya m'tauni, ndalama za kubanki, za penshoni ndi katundu wina, ana anu aakazi ali ndi ufulu wonse pa zimenezi. Malo akumudzi ndiwo ovutirapo, chifukwa kumeneko mwambo ukadali ndi mphamvu ndipo mafumu ndi abale ndiwo amakhala pafupi pomwe khoti lili kutali. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa abambo a ana aakazi okhaokha kulemba wilo akadali ndi mphamvu, kulembetsa ana awo ku penshoni ndi ku inshuwalansi, ndi kuika mapepala a malo ndi nyumba m'dongosolo. Bambo amene wachita zimenezi wateteza nyumba yake koposa amene akudikira mwana wamwamuna yemwe mwina sabwera, kapena adzabwera bamboyo atakalamba n'kumusiya ali kupulayimale. Pa za kusamala okalamba, aliyense amene anagonapo m'chipatala akudziwa amene amagona pansi pa bedi la agogo, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala ndi kuchapa nsalu m'mamawa. Ambiri mwa iwo ndi ana aakazi, ochokera kumpoto ndi kumwera komwe.

Mwafunsanso za mawu a pa wailesi. M'Malawi muno mulibe lamulo loika malire pa chiwerengero cha ana. Mbiri yathu inayambira mbali inayo. M'zaka za m'ma 1960 boma la Kamuzu Banda linaletsa ntchito zakulera, ndipo zinabwereranso mu 1982 pansi pa dzina loti kubereka mwa patalipatali, popeza kunena zochepetsa ana sikunkaloledwa. Ndondomeko yoyamba ya chiwerengero cha anthu inabwera mu 1994, chaka chomwe maiko anakumana ku Cairo n'kugwirizana kuti banja lililonse lizisankha lokha, boma lizingopereka uphungu ndi njira. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyija. N'chifukwa chake mabanja ambiri akumudzi lero akulima malo osakwana hekitala imodzi, ndipo n'chifukwa chake boma limalankhula. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake, ndipo amayi okwatiwa 7 okha pa 100 ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono zakulera. Pofika 2015 mpaka 2016 ana anatsika kufika pa 4.4, ndipo olera anakwera kufika pa 58 pa 100. Kutsika kumeneku kunachitika popanda wapolisi kugogoda pakhomo la munthu.

Komwe boma linagogoda pakhomo, zotsatira zake n'zophunzitsa. Dziko la China linakhazikitsa lamulo la mwana mmodzi cha m'ma 1980 pakati pa anthu omwe mwambo wawo umafuna mwana wamwamuna. Mabanja atapanikizika, ndipo makina a sikani atafala, ambiri anayamba kuchotsa mimba za atsikana. M'zaka za m'ma 2000 kunkabadwa anyamata oposa 115 pa atsikana 100, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti amuna aposa akazi ndi pafupifupi 35 miliyoni. Lamulolo linathetsedwa kumapeto kwa 2015, ndipo mu 2021 analoleza ana atatu. Ku India, boma linatseka anthu mamiliyoni mokakamiza pakati pa 1975 ndi 1977, zomwe zinadanitsa anthu ndi kulera kwa nthawi yaitali, ndipo mu 1994 anachita kuika lamulo loletsa achipatala kuulula ngati mimba ndi ya mwamuna kapena mkazi. Dziko lomwe linakwanitsa kuthana ndi vutoli ndi South Korea. Mu 1990 kumeneko kunkabadwa anyamata pafupifupi 116 pa atsikana 100, koma atsikana atayamba kuphunzira ndi kugwira ntchito, okalamba atayamba kudalira penshoni, ndiponso lamulo loti mutu wa banja ukhale mwamuna litathetsedwa mu 2005, chiwerengerocho chinabwerera mwakale.

Kwathu kuno kusankha mwana sikuonekera m'kuchotsa mimba ayi. Kumaonekera m'kuonjezera mimba, monga momwe akukuuzirani inuyo. Banja lomwe linkafuna ana atatu limafika asanu ndi awiri posaka mmodzi, ndipo amene amalipira ndi thupi la mayi ndi sukulu ya atsikana oyamba aja, omwe amasiyitsidwa kuti azilera ang'ono awo. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti uthenga wa pa wailesi umaperewera. Kuuza mayi kuti dziko ladzaza sikuyankha funso la apongozi lakuti adzasunge mudzi ndani. Mpaka mwana wamkazi atamatengedwa ngati wolowa nyumba weniweni kumudzi komwe, amayi ngati inu azipanikizika pakati. Musabereke kapena kuleka kubereka chifukwa cha chiwerengero cha dziko. Chiganizo chanu chichokere pa chipsera chanu ndi ana anu.

Langizo langa ndi ili. Sabata ino pitani kuchipatala mukayambe njira yakulera yokhalitsa koma yochotseka. Ya pamkono, Implanon imagwira zaka 3 ndipo Jadelle zaka 5. Lupu imagwira mpaka zaka 10 ndipo ilibe mankhwala osintha msambo, ngakhale kwa ena msambo umachulukirapo miyezi yoyamba. Jakisoni wa miyezi itatu aliponso, ndipo alangizi a zaumoyo amabaya m'midzi momwe, koma amafuna kukumbukira tsiku. Zonsezi m'zipatala za boma n'zaulere ndipo n'zogwirizana ndi kuyamwitsa. Musadalire kuyamwitsa pakokha; chitetezo chake chimatha mwana akakwana miyezi 6. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limakupatsani ufulu wosankha chiwerengero cha ana ndi njira yakulera, ndipo limalamula achipatala kukuthandizani kaya mwabwera ndi amuna anu kaya ayi.

Za kutseka, adokotala aja sanalakwe kukuuzani, ndipo ndikanakhala ine ndikanakuuzani chimodzimodzi. Koma kutseka n'kosabwezeka, choncho sindifuna kuti mutseke mkati mwa mkangano, mtima uli m'mwamba, monganso sindifuna kuti mutenge mimba chifukwa choopsezedwa. Njira ya pamkono kapena lupu zimateteza pafupifupi mofanana ndi kutseka, ndipo zikupatsani zaka zoganiza mofatsa. Kutseka abambo kuliponso, n'kwachangu komanso kosavuta kuposa kwa amayi ndipo sikuchepetsa mphamvu za m'nyumba, koma m'mene zinthu zilili panopa sindikuyembekeza kuti amuna anu angayambire pamenepo.

Amuna anuwo ndiwo ofunika kuwafika pamtima, koposa apongozi. M'kalata yanu mwanena zomwe amayi awo akufuna, koma simunanene zomwe iwo eni amanena muli awiri. Abambo ambiri amakana zotseka chifukwa choopa kunyozedwa ndi abale, ndipo sanauzidwepo ndi wachipatala chomwe chili m'mimba mwa mkazi wawo. Apempheni akuperekezeni, mutenge buku lanu lakuchipatala lomwe munalembedwa za maopaleshoni awiri aja, ndipo mupemphe kuti dokotala kapena mzamba akufotokozereni nonse pamodzi. Ndaona abambo olimba mtima akusintha nkhope atajambuliridwa papepala pomwe pali chipsera ndi pomwe nsengwa ingamere. Za X ndi Y nazonso zimalowa bwino zikachokera pakamwa pa wachipatala kusiyana ndi pa mkazi wawo pa nthawi ya mkangano. Akamvetsa, iwo ndiwo akalankhule ndi amayi awo. Mpongozi kutsutsana ndi apongozi maso ndi maso sikutha bwino. Zikakanika, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo a kwanu adze atamva kale zomwe achipatala anena. Ngati mumapemphera, abusa kapena ashehe omwe amuna anu amawalemekeza akhoza kuthandiza.

Za mkazi wachiwiri, mbewu idzakhala ya bambo yemweyo ndipo mwayi udzakhala theka lomwelo. Chomwe chidzaonjezereke ndi pakamwa podyetsa, kugawikana kwa chuma chomwe akuti akuteteza, ndi chiopsezo cha HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Ngati mukuganiza kuti ayamba kale kusaka kunja, kayezetseni nonse. Ngati ukwati wanu unalembetsedwa kwa DC ngati wa mkazi mmodzi, lamulo sililola kukwatira wina ukwatiwo ulipo. Ukwati wa mwambo ndi wosiyana, ndipo a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani zamalamulo, angakufotokozereni pomwe inu mwaima.

Mukadzagwirizana zoyesanso mwana atapitirira zaka ziwiri, kaonaneni kaye ndi dokotala wa amayi musanachotse njira yakulera, ayeze magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Muyambe sikelo mwezi woyamba womwe mwadziwa, mupange sikani yoona pomwe nsengwa yakhala, ndipo tsiku la opaleshoni likonzedwe matenda asanayambe, m'chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi. Musadikire kunyumba kapena pachipatala chaching'ono. Mugwirizanenso pasadakhale, pamaso pa ankhoswe, kuti kaya abadwa ndani, imeneyo ndi yomaliza.

Pali zina zosadikira. Ngati msambo wachedwa panopa, kayezetseni mimba lero lomwe ndipo muwauze achipatala za maopaleshoni awiriwo. Muli ndi pakati, mukaona magazi ngakhale pang'ono, kupweteka kwa pachipsera, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja kapena kusaona bwino, thamangani kuchipatala chachikulu usiku kapena usana. Ngati mwamwa kale mankhwala a alamu aja, nenani poyera ndipo mutenge otsalawo akawaone. Wina akakumenyani, kukukakamizani kugona naye, kukuchotsani njira yakulera mwankhanza kapena kukuthamangitsani panyumba ndi ana, lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 lili mbali yanu. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Ndipo mukaona kuti tulo sitikubwera, mukungolira, chakudya sichikulowa kapena mukuganiza zodzipweteka, muuzeni namwino tsiku lomwelo, chifukwa matenda a nkhawa mwa amayi oyamwitsa alipo ndipo chithandizo chake chilipo.